Loweruka la mabuku: buku la Kamkwamba, Nthondo ndi nkhani ya anthu otsala

Nabanda, admini: Mwaswera bwanji abale. Lero ndi Loweruka lomaliza la mwezi, tsiku lathu la mabuku. Lamulo ndi lomwe lija: tchulani buku lomwe mwamaliza, osati lomwe munangoliona pa tebulo la mnzanu. Otsatsa soya ndi mbewu ya mtedza mudikire mawa. Ayambe ndani?

Wakabaza wa pa Chinkhoma: Ndiyambe ine, mayi. Ndamaliza The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba wa kwa Wimbe konkuno ku Kasungu. Ndimaliwerenga pa siteji podikira makasitomala, moti chikuto chada bii ndi girizi. Filimu yake ndinaonera kale, koma bukuli ndi nkhani ina. Mufilimu akuonetsa ngati makina a mphepo aja ndi amene anapopa madzi n'kupulumutsa mudzi ku njala. M'buku si choncho ayi. Makina oyamba anangoyatsa babu. Kenaka mababu anayi m'nyumba ya kwawo, wailesi, n'kumatchajira anthu mafoni. Zopopa madzi zinabwera pambuyo, atatchuka kale n'kupeza omuthandiza. Njala inali itadutsa.

Mwale wa ku Joni: Amafilimu amatero aise. Babu limodzi sungagulitse ku Netflix kkkk.

Wakabaza wa pa Chinkhoma: Koma ine babu limenelo ndi limene landisowetsa tulo. Taganizani, fani ya thirakitala yotola ku zitsulo zotayidwa pafupi ndi sukulu ya Kachokolo, mapaipi apulasitiki owawula pamoto n'kuwaphwatalitsa kuti akhale mapiko, felemu ya njinga ya bambo ake, dainamo, nsanja ya mitengo ya bulugama. Mwana wa zaka 14, wosiya sukulu chifukwa cha fizi. Chingerezi cha m'buku la Using Energy lomwe anabwereka ku laibulale ya pa pulaimale ya Wimbe sankachimva bwino, ankangotsata zithunzi. Ngakhale swichi anapanga yekha ndi labala ya patapata. Ine dainamo ndakula nayo pa njinga ya malume, koma zoti nditsegule ndione chimene chimazungulira m'katimo sizinandibwerere n'komwe.

Make Tadala: Achimwene, mwanena bwino, koma mwadumpha theka la buku. Ine ndinaliyamba chaka chatha n'kulisiya pakati, ndamaliza mwezi uno. Si kuti ndi loipa. Ndinafika pomwe akufotokoza za mzere wogula chimanga pa Chamama nthawi ya njala ya 2002, ndinalitseka n'kuliika pansi pa matiresi. Mzere umenewo ine ndinaimapo, ndili mtsikana. Tinkanyamuka tambala woyamba asanalire, kathumba m'manja, ndalama titamanga pa mfundo ya chitenje. Ukafika upeza anthu anagona pomwepo. Dzuwa likafika pamutu mzere uja umasanduka chipwirikiti, amphamvu okha ndi amene ankafika pa sikelo.

Kunyumba mayi ankakumba zitsa za nthochi, kuzisenda, kuziduladula, kuyanika pamphasa, kenaka kusinja. Nsima yake inali yakuda, yosagwirana, ndipo ukadya m'mimba munkangolira. Gaga amene tinkathirira nkhumba anayamba kugulitsidwa pa mbale, ena osaopa Mulungu n'kumasakanizamo utuchi. Anthu ankazula malata padenga mvula ili kugwa, kukasinthitsa ndi ufa wosakwana sabata. Mbuzi inkapita pa mtengo wa nkhuku. Kenaka kolera. Ndiye munthu akandiuza kuti bukuli ndi la magetsi, ine ndimati mwaliwerenga ndi maso a alendo.

Naphiri wa ku Kamwendo: Pepani mayi. Kwathu kuno ku Mchinji zinalinso chimodzimodzi. Agogo anga mpaka lero salola kuti gaga atayidwe, amamuyanika n'kusunga m'thumba, ngakhale nkhokwe ili yodzaza.

Wakabaza wa pa Chinkhoma: Ine nthawi imeneyo ndinali kumbuyo kwa mayi, sindikumbuka kanthu. Koma pa galu wa William paja, Khamba, pamene akukamumangirira kumtengo kuthengo chifukwa kulibe chomupatsa, ndinayang'ana kumbali kuti anzanga a pa siteji asandione nkhope.

Aphunzitsi Opuma, Mtunthama: Moni nonse, ana anga. Achichepere adziwe kuti njala ija sinagwe kumwamba yokha. Mu 2001 mvula inagwa mosokonekera, kwina madzi anasefukira n'kukokolola minda, kwina inadula msanga. Nthawi yomweyo sitata paki, feteleza ndi mbewu zaulere zija, anali ataichepetsa kuti izipita kwa mabanja owerengeka. Pamwamba pa izo, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Boma linadzavomera kuti m'dziko muli tsoka kumapeto kwa February 2002, ife kuno tikuika kale maliro. Bukuli zimenezi silibisa, ndipo ndi chifukwa chake ndimalilemekeza. Mulinso nkhani ya mfumu ya kwa Wimbe imene inamenyedwa itayankhula za njala pa msonkhano wa pulezidenti.

Mtsutsi: Ndiye mutchuletu amene anagulitsa chimangacho, aphunzitsi, musazungulire.

Nabanda, admini: A Mtsutsi, gulu la ndale lilipo lina, mukulidziwa bwino chifukwa anakuchotsaniko. Pano mabuku. Mwawerenga chiyani inuyo?

Mwale wa ku Joni: Kkkkk mayi admini mwalasa.

Mtsutsi: Chabwino. Ine ndawerenga I Will Try la Legson Kayira, lotuluka mu 1965. Mnyamata wa kumpoto, cha ku Chitipa, wophunzira ku Livingstonia. Mu 1958 ananyamuka wapansi, atanyamula Baibulo, buku la John Bunyan lotchedwa The Pilgrim's Progress, bulangete ndi kankhwangwa, akuti akupita ku America kukaphunzira. Anadutsa Tanganyika, kufika ku Kampala, komwe analowa mulaibulale n'kupeza dzina la Skagit Valley College m'buku la mayina a masukulu. Analemba kalata, anamuyankha kuti bwera. Anapitirira mpaka ku Khartoum, n'kukafika ku America mu 1960. Pambuyo pake yunivesite ya Cambridge. Anamwalirira ku England mu 2012.

Bukuli ndi lokoma, sindikana. Koma nditalitseka n'kumva zimene a Wakabaza akusimbazi, ndaona kuti ndi nkhani imodzi yovala malaya awiri. Mwana wosauka, laibulale, azungu achifundo, ndege, America. Mabuku a Amalawi amene amatchuka kunja ambiri ndi a munthu amene anachoka. Nanga otsala? Pa Wimbe panali ana angati amene anasiya sukulu chaka chomwecho? Ali kuti lero? Ena ndi matenanti m'maesiteti a fodya, ena ali ku Joni ngati a Mwalewa. Buku lawo lili kuti?

Mwale wa ku Joni: Iwe usandiike m'buku la anthu ovutika, ine ndili bho kuno kkkk. Koma pang'ono ukunena zoona.

Wakabaza wa pa Chinkhoma: Ayi akulu, pamenepo mwamulakwira William. Iye makina anamanga asanaonane ndi mzungu aliyense. Anthu a m'mudzi ankamunena kuti wapenga, ena kuti akusuta chamba. Ngakhale mvula itavutanso patapita zaka, ena ankati nsanja yake ndi imene ikuthamangitsa mitambo, ndi ya ufiti. Atolankhani anadzabwera mu 2006, msonkhano wa TED wa ku Arusha, womwe anakafotokozako za makina ake, mu 2007. Zaka zonse za pakatipo anali yekha ndi anzake awiri aja, Gilbert ndi Geoffrey. Ndipo sanapite n'kuiwala kwawo. Bungwe lake la Moving Windmills linathandiza kumanga makalasi pa pulaimale ya Wimbe. Pitani mukaone.

Mtsutsi: Sindikunena munthuyo, ndikunena msika. Bukuli analemba ndi Bryan Mealer, mtolankhani wa ku America, linatuluka mu 2009 kwa osindikiza akunja. Owerenga amene ankawaganizira si a Make Tadala ayi. Muone mmene akufotokozera nsima, kuti imaphikidwa motere, imadyedwa ndi manja motere. Ndani wa ku Kasungu amafuna kuuzidwa zimenezo?

Aphunzitsi Opuma, Mtunthama: Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, mwana wanga. Popanda mtolankhaniyo, mzere wa pa Chamama uja sukanalembedwa paliponse. Komabe funso lako ndi lolemera, ndipo silinayambe lero. Ndikupatseni mbiri pang'ono, opanda bandulo andikhululukire.

Kamuzu, mwana wa konkuno, nayenso ndi wa gulu la ochoka. Olemba mbiri yake amati mu 1915 anamutulutsa m'chipinda cha mayeso ataimirira kuti aone bwino pa bolodi, woyang'anira n'kuganiza kuti akuonera. Woyang'anirayo anali mmishonale wa ku Scotland, T. Cullen Young. Mnyamatayo ananyamuka wapansi kulowera ku Rhodesia, kenaka Johannesburg, kenaka America. Chodabwitsa n'chakuti anthu awiriwa anadzakumananso ku Britain n'kugwirira limodzi ntchito yomasulira m'Chingerezi nkhani zitatu za miyambo zimene Amalawi analemba m'Chinyanja. Bukulo ndi Our African Way of Life, la 1946. Ndipo Cullen Young yemweyo ndi amene anamasulira buku la Nthondo kukhala Man of Africa mu 1934. Ndiye muone, kale mabuku ankayamba m'chilankhulo chathu, azungu n'kumachita kupempha kuti awamasulire. Lero zinatembenuka.

Wa Fomu 4: Agogo, mwatchula Nthondo, ife ndi limene tikulimbana nalo m'kalasi. Kunena zoona ambirife timangoloweza manotsi a apangankhani ndi mfundo zazikulu, buku lenilenilo kalasi yonse makope ake ndi owerengeka. Koma ine holide yapitayi ndinabwereka n'kuwerenga lonse. Koyambirira ndi kokoma heve. Nthondo ndi mwana wovuta, wakuba, wamwano, ndipo ukamawerenga umachita kumuona mnyamata wina wa m'mudzi mwanu. Koma kumapeto anangosintha n'kukhala munthu wabwino wa kutchalitchi, ine ndinaona ngati wolemba watopa.

Mkulu wa Mpingo, Nkhamenya: Mwana wanga, kutembenuka mtima si kutopa kwa wolemba. Anthu amasintha ndithu. Ine pano ndili ndi madikoni amene kale anali otchuka pa mowa ndi ndewu.

Wa Fomu 4: Sindikukana abambo, koma akanationetsa mmene zinamuvutira. Zoipa zake anazifotokoza mwatsatanetsatane, zabwino zake anangothamanga nazo.

Aphunzitsi Opuma, Mtunthama: Mtsikanayu ali ndi diso, mumusamale. Samuel Josia Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo bukuli linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo za mu Africa. Osindikiza anali a mishoni, masukulu owerenga anali a mishoni. Mathero amenewo sakanalephera. Koma Nthara mtima wake unali m'mudzi, n'chifukwa chake masamba a moyo wa kumudzi ndi amene ali ndi mafuta. Ndi yemweyonso analemba Mbiri ya Achewa. Ndipo a Mtsutsi amve apa: Nthondo amapita kukafuna ntchito kutali, inde, koma amabwerera, n'kudzakhala mfumu kwawo, n'kufera kwawo. Buku la munthu wobwerera tili nalo kuyambira 1933, kungoti tinalisandutsa chinthu cholembera mayeso.

Mtsutsi: Wobwerera si wotsala, aphunzitsi. Ndipo ndi mwamunanso. Kayira mwamuna, Kamkwamba mwamuna, Kamuzu mwamuna, Nthondo mwamuna. Amene ankakumba zitsa za nthochi ndani?

Make Tadala: Ehee! Lero lokha ndagwirizana ndi a Mtsutsi, mulembe tsiku.

Naphiri wa ku Kamwendo: Pamenepo ndilowepo ndi langa. Ndamaliza The Story of an African Famine la Megan Vaughan, la 1987. Ndi buku la kafukufuku, lolimba, si lowerenga uli chogona. Likunena za njala ya 1949, makamaka m'boma la Blantyre. Chimene chandikhudza ndi njira imene mayiyu anatsata. Malipoti a atsamunda analipo, koma iye anapitanso m'midzi kukamvera amayi okalamba, n'kulemba nyimbo zimene ankaimba posinja pamtondo. M'nyimbozo ndi mmene anapeza zimene malipoti sananene: amuna ambiri ankachoka ati kukasaka chakudya, ena osabwereranso, kukakwatira kwina komwe kunali chakudya, akazi n'kutsala ndi ana. Amuna akafunsidwa za chaka chimenecho ankasimba maulendo awo, akazi ankasimba za kusiyidwa. Njala imodzi, nkhani ziwiri.

Make Tadala: Za 1949 zimenezo? Mukunena za 2002 inu. M'mudzi mwathu amuna angapo anapita ku maganyu ku Zambia, ena anatulukira dowe atacha, ena mpaka lero.

Mwale wa ku Joni: Apa amuna tangokhala chete ngati tili pa bwalo la milandu.

Mtsutsi: Koma onaninso, nalonso analemba ndi mzungu, m'Chingerezi cha ku yunivesite. Amayi amene anaimba nyimbozo analiwerenga?

Naphiri wa ku Kamwendo: Ndiye tilitaye? Iye anachita mbali yake. Ife tili ndi mafoni ojambula mawu m'matumba, agogo athu ali moyo, tikujambula mavidiyo ovina.

Mkulu wa Mpingo, Nkhamenya: Ine ndinene za kuwerenga kwa anthu akumudzi, poti ena amati Amalawi sawerenga. Si zoona. Pitani ku Chigwirizano cha amayi Lachinayi mukaone. Agogo oti anasiyira Sitandade 3 amawerenga Buku Lopatulika mosadodoma, mpaka masamba anafewa ngati nsalu. Buku la nyimbo aliyense ali nalo. Anthu amawerenga chimene chili m'chilankhulo chawo, chimene chili pafupi, chimene mtengo wake angaukwanitse. Mukalowa m'mashopu a mabuku pa boma mupeza a silabasi, Mabaibulo ndi makope olembamo. Nthano za Chichewa zoti munthu wamkulu awerenge madzulo muzisaka ndi nyali.

Aphunzitsi Opuma, Mtunthama: Zinalipo, abambo. Ife tinakula ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Kukula ndi Mwambo la yemweyo, mabuku a E.J. Chadza, kenaka kunabwera a Willie Zingani, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. A Popular Publications ku Limbe ankatulutsa timabuku tating'ono tokwana m'thumba la malaya, ndipo tinkayenda m'manja kuchoka pa nyumba ya mphunzitsi kufika kwa kalaliki wa ku esiteti mpaka titathothoka. Benedicto Wokomaatani Malunga anamasuliranso Things Fall Apart la Chinua Achebe kukhala Chipasupasu, kusonyeza kuti Chichewa chimasenza buku lililonse. Chimene chinatha si olemba ayi. Osindikiza anaona kuti ndalama ili pa mabuku a mayeso, poti amenewo sukulu zimagula zisafune zifune.

Dalaivala wa Siyenta: Abale ndalowa mochedwa, ndinali pa msewu wa Mchinji. Amene ali ndi PDF ya buku la Kamkwamba aponye pano.

Nabanda, admini: Ayi achimwene, pano sitiponya zimenezo. Tikudandaula kuti olemba sapindula, kenaka tiziwabera tokha? Buku lilipo, lembetsani pa mzere.

Dalaivala wa Siyenta: Mzere wake womwe unandidutsa ulendo watha uja? Chabwino, ndilembeni. Koma ndinene za filimu poti ndiyo ndinaona. Chiwetel Ejiofor anayesetsa kuphunzira Chichewa, ulemu wake, koma ife tinkaseka muholo monse akamayankhula. Mnyamata amene anasewera William ndi wa ku Kenya, Maxwell Simba. Amene ankamveka kuti ndi wakwathu ndi Lily Banda, amene anasewera mlongo wake wa William uja. Koma malo okha ndi athu enieni, anajambulira konkuno, ndi gule yemwe.

Wa Fomu 4: Ine filimuyo ndinaonera ndi mayi anga. Iwo za Chichewa chokhotacho analibe nazo ntchito. Pamene anthu akulimbirana chimanga anadzuka n'kupita panja, ati akukaona mbuzi. Mbuzi zinali zili m'khola kalekale.

Make Tadala: Ndi zimenezo. Ife a nthawi imeneyo sitikamba. Mayi anga ukawafunsa mwachindunji amangoti zinapita zimenezo, n'kusintha nkhani. Koma tikakhala pamphasa tikusenda mtedza, amayamba okha. Amatchula mayina a ana amene anapita, nyumba ndi nyumba, kuyambira kumtunda kwa mudzi mpaka kudambo. Amakumbuka amene anawagawira maungu awiri, amakumbukanso amene anawatsekera chitseko, ngakhale lero amapemphera tchalitchi chimodzi. Zimenezi m'buku la William mulibe, ndipo sizingakhalemo, iye anali mnyamata, maso ake anali pa zitsulo. Si mlandu wake. Koma mayi ake akanalemba lawo, bwenzi lili buku lina.

Naphiri wa ku Kamwendo: Mayi, bwanji tsiku lina muike foni pambali pa lichero, muwapemphe kaye, muwasiye azikamba?

Make Tadala: Akaona foni amayamba kuyankhula ngati ali pa wailesi, "ndikuthokoza mwayi umenewu" kkkk. Komanso nkhani zina zimakhudza anthu amoyo. Wotseka chitseko uja ana ake ndi anzathu, wina anakwatira kubanja kwathu. Ukalemba, mawa uli kwa amfumu.

Mtsutsi: N'chifukwa chake ochoka ndi amene amalemba. Ali kutali, sakumana ndi munthu pa chigayo.

Aphunzitsi Opuma, Mtunthama: Apo wanena chinthu, ngakhale umanena mokalipa. Koma njira ilipo, ndi imene Nthara anatsata. Sumalemba kuti uje wa m'mudzi wakuti. Umapeka munthu, n'kumusenzetsa za anthu khumi. Aliyense amamuzindikira, koma palibe angakutengere kubwalo. Make Tadala, inu mungolemba m'kope mmene mayi amakambira, osakometsa, osasakaniza Chingerezi. Za kalembedwe, poika mpatuliro ndi zina, mundisiyire ine, ntchito imeneyo ndinagwira moyo wanga wonse ndi cholembera chofiira.

Make Tadala: Aphunzitsi musandithamangitse. Ndili ndi fodya woti ndisoke, ana asukulu, geni. Ndiganiza kaye.

Mtsutsi: Ndipo akalemba adzasindikiza ndani? Adzagula ndani? Gulu lino lomwe anthu akupempha PDF?

Mwale wa ku Joni: Ine ndigula makope asanu, ndigawira anyamata a kwathu kuno. Ndalonjeza pagulu. Koma a Mtsutsi inu simugula, mudzabwereka kenaka mudzanyoze.

Mtsutsi: Kunyoza nayonso ndi ntchito, wina aziigwira.

Wakabaza wa pa Chinkhoma: Ine ndikuimabe pa mawu anga, buku la William ndi labwino. Mng'ono wanga ataona ndikuwerenga wamasula wailesi yakufa ya bambo, zidutswa zili mbwee pakhonde, akuti akufuna kamota. Bambo akalipa koma ine ndamuikira kumbuyo.

Nabanda, admini: Palibe wanena kuti ndi loipa, achimwene. Tamvani tsono za mwezi wamawa. Tonse tiwerenge Nthondo, kuti tidzaweruze mlandu wa Wa Fomu 4 ndi a Mkulu wa Mpingo tili ndi umboni m'manja. Makope alipo awiri, la aphunzitsi ndi langa. La Kamkwamba lichoke kwa a Wakabaza lipite kwa a Dalaivala, mukumane pa depoti Lolemba. A Naphiri, lanu lija ndikufuna ine, mupatsire a Dalaivala omwewo akamadutsa pa Kamwendo.

Aphunzitsi Opuma, Mtunthama: Langa ndi lakale, la masamba ofiirira, ndipo limatuluka m'nyumba muno ndi chikole. Wobwereka asiye nkhuku, yaikazi, osati chitambala chokalamba. Ndipo musapinde ngodya za masamba, ikani kapepala.

Mkulu wa Mpingo, Nkhamenya: Nkhuku ndibweretsa Lachitatu ndikamapita ku msonkhano. Mundisungire ine poyamba, ndikufuna ndikonzekere bwino mtsikana ameneyu.

Wa Fomu 4: Muyambire pomwe wabwerera kumudzi abambo, ndi pomwe ndidzakufunseni mafunso.